Tsiku Lomwe Tolegen Anatembenuza Mpando

Tolegen Sarsenov anakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi akugogoda magudumu a sitima. Sitima ya katundu ikaima pa siteshoni, iye ankayenda m'mbali mwake kuyambira kumutu mpaka kumchira, nyundo ya mpini wautali ili m'manja, gudumu lililonse n'kuligogoda kamodzi. Gudumu lamoyo limalira ngati belu, ndipo kulirako kumatsalira m'mphepo nyundo itachokapo kale. Gudumu la mng'alu limayankha mwachidule, phwa, ngati mphika wosweka. Nthawi zina kusiyanako kumakhala kochepa kwambiri, makamaka m'nyengo yozizira, mphepo ya kuchipululu ikamaomba pakati pa mabogi. Koma Tolegen ankakumva.

Chaka china anaimitsa sitima ya tirigu chifukwa cha gudumu limodzi. Akuluakulu anabwera ndi matochi, anasuzumira, sanaone kanthu, n'kuyamba kumukalipira kuti akuchedwetsa njanji yonse. Iye anangoima, nyundo ili paphewa. Atalichotsa gudumulo n'kulitsuka, anapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Kuyambira pamenepo anzake ankati Tolegen amamva chitsulo chisanaganize n'komwe zong'aluka. Iye ankangopitiriza kugogoda. Sanali munthu wa mawu ambiri.

Kunyumba anali ndi zoimbira zimbale, zomwe anazisonkhanitsa pang'onopang'ono ngati mmene ena amasonkhanitsira nkhosa. Galamafoni inali ya pa ukwati wake ndi Balzhan. Masipika awiri anakhoma yekha ndi matabwa a bedi lakale. Ina inaima pafupi ndi zenera, kumanzere, ina pafupi ndi kabati ya mbale, kumanja, ndipo pakati pawo panali kapeti wofiira wopachika pakhoma. Ampulifaya yaikulu anamupangira Kuanysh, mnzake wokonza mawailesi kumsika, ndi zitsulo zotola m'nyumba ya kanema yomwe inatsekedwa. Chomwe chinkasowa chinali ampulifaya yaing'ono, kabokosi kamene kamakhala pakati. Kameneka kamalandira mawu ofooka ochokera ku singano, kamawalera pang'ono, kenako n'kuwapereka kwa yaikulu ija. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi timawaya tomwe Kuanysh analumikiza m'chitini cha tiyi, ndipo chitinicho chinkang'ung'udza ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Lamlungu lina, atapita kumzinda wa Shymkent kukaona mwana wawo wamkazi, Tolegen anadutsa pa msika wa zinthu zakale. Mayi wina anali atayala bulangete pansi: masipanala, nsapato za m'nyengo yozizira, magalasi a maso, wotchi yoima. Zonse zinali za malemu bambo ake. Pakati pa zinthuzo panali kabokosi kotuwa, kopindika pa ngodya imodzi, ka mabatani opotokola anayi. Batani limodzi linali litasowa chipewa chake, wina n'kuvekapo chitsekerero cha botolo la mankhwala. Dzina la amene anakapanga linali litafufutika.

“Kamagwira?” anafunsa Tolegen.

“Bambo ankakamvera tsiku lililonse mpaka sabata yawo yomaliza, aga,” anayankha mayiyo, akumutchula ndi mawu aulemu oitanira mwamuna wamkulu. “Ine sindikudziwa n'komwe kuti n'ka chiyani.”

Mtengo wake sunafike pa wa thumba la ufa. Anakakulunga m'jekete n'kukanyamula pamiyendo ulendo wonse wobwerera. M'sitimamo anakayang'anitsitsa. Batani lachitatu ndi lomwe limagawa mawu pakati pa sipika ya kumanzere ndi ya kumanja, ndipo malo ake ndi pakati penipeni. Koma ili linali lopotokoledwa ndithu kumanzere, ndipo pamene linaloza panali kamzere kozokotedwa ndi msomali, mwadala, kuti lisaiwalike. Tolegen anapukusa mutu. Mkulu ameneyu, iye anaganiza, anamvera nyimbo zopendekeka moyo wake wonse, popanda womuuza. Analibweza pakati mpaka linati khe.

Tsiku lotsatira, ataweruka, analumikiza mawaya. Dzuwa linali lidakali pa zenera. Anasankha chimbale chakale cha mayi wina woimba ndi dombra imodzi, kagitala ka zingwe ziwiri, chomwe anali atachimvera mwina kopitirira kazana, anaika singano, n'kukhala pa mpando wake womwe unkayang'ana kapeti.

Kung'ung'udza kuja kunalibe. Kunali zii, ngati m'chipinda chomwe muli munthu amene sanayambe kulankhula. Kenako dombra inalira, osati mu sipika, koma pang'ono chabe kumanzere kwa pakati, pamene panalibe chinthu. Anamva chala chikutsetsereka pa chingwe. Anamva munthu akukoka mpweya. Ndipo mayiyo anayamba kuimba ali chiimire pakati penipeni, kutsogolo kwa kapeti, pakamwa pake pali pa msinkhu wa munthu wamfupi. Tolegen anayang'ana sipika ya kuzenera, anayang'ana ya kukabati. Zonse zinali ngati sizikuchita kanthu. Matabwa a bedi lake lakale. Tsitsi la pamikono linamuimirira.

Balzhan anatulukira kukhitchini manja ali onyowa, n'kuima pakhomo mpaka nyimbo inatha.

“Inu abambo,” anatero motsitsa, “mkazi ameneyu waima pa kapeti wanga.”

Kuanysh anabwera Loweruka. Iye ndi Tolegen anabadwa chaka chimodzi, choncho anali ndi ufulu wonyozana mpaka kumanda popanda wokwiya, ndipo Kuanysh sankausiya ufuluwo kuti uchite dzimbiri.

“Iwe ngamila yokalamba, wagula chiyani? Ichi n'chofungatira mazira?”

“Khala pansi.”

“Taona, chitsekerero cha mankhwala a chifuwa! Zinthu zenizeni zimakhala ndi batani limodzi basi, lokwezera. Kanga kali ndi limodzi. Mabatani anayi ndi a anthu ogontha, oti azithira mchere ndi shuga mu nyimbo.”

“Khala pansi, dazi iwe.”

Kuanysh anakhala pa mpandowo. Anamvera mpaka mbali yonse ya chimbale inatha. Kenako anakanda dazi lake lija.

“Hm. Chinyalala chako chili ndi mwayi.” Anatembenukira kwa Balzhan, yemwe ankathira tiyi wa mkaka m'timbale. “Balzhan, musiye uyu, ubwere kwa ine. Kwanga kulibe zinyalala.”

“Kwanu kuli inu, a Kuanysh. N'zokwanira.”

Kabokosiko kanali ndi makhalidwe ake, ndipo banjalo linawaphunzira monga mmene anthu amaphunzirira makhalidwe a nkhalamba imene yasamukira pakhomo. Kankafuna kuyatsidwa ketulo isanaikidwe pamoto, ndipo madzi akawira ndiye kuti nako kadzuka. Ukakayatsa pamene ampulifaya yaikulu ili yoyaka kale, masipika ankati gu, mphaka n'kuthawira pansi pa tebulo. Firiji ikadzuka kukhitchini, kankati tcheke. Kanyali kake sikanayakepo. Batani lokwezera linkakhetheka ngati mchenga, mpaka Tolegen analizolowera kulisiya pamalo amodzi. Balzhan ankakafunditsa kansalu kopeta kuti kasalowe fumbi, Tolegen ankachotsa kansaluko kuti kasatenthe, ndipo nkhondo imeneyi inatha zaka zisanu ndi chimodzi popanda wina kuitchula.

Pa zaka zonsezo, tsiku lililonse akaweruka, Tolegen ankasamba m'manja, n'kumvera mbali imodzi ya chimbale. Imodzi yokha. Sanasiye kudabwa. Singano yaing'ono ngati minga imayenda m'kanjira kosaoneka ndi maso, kabokosi kogula pa bulangete kamalandira kunjenjemerako, ndipo munthu amene anaimba iye ali mwana wa sukulu amabwera kudzaima m'nyumba mwake. Ankadziwa mmene mawaya amayendera. Kudziwako sikunachotse kudabwa.

M'chaka cha chisanu ndi chiwiri, masamba a mitengo ya m'mbali mwa njanji atayamba kuyoyoka, woimba uja anasuntha.

Sanasunthe kwambiri. Anangochoka pakati pa kapeti n'kuima chakukabati, ngati munthu amene akupatsa mnzake njira. Tolegen anayang'ana batani lachitatu. Linali pakati. Patapita sabata mayiyo anali atasunthanso, ndipo sipika ya kuzenera inkamveka ngati yafunditsidwa bulangete.

“Ndinakuuza,” anatero Kuanysh atamva. “Chinthu chogula pansi chimabwerera pansi. Chafa mbali imodzi. Ndibwera Lamlungu ndidzachiike m'manda.”

Anabwera Lamlungu m'mawa ndi kachikwama kake ka zida. Kupeza pomwe pafa mawu kuli ndi njira yake, ndipo onse awiri ankaidziwa. Chinthu chilichonse chili ndi mawaya awiri, wa kumanzere ndi wa kumanja. Umawasinthanitsa pamalo amodzi, n'kumvera. Kufookako kukasamukira mbali inayo, ndiye kuti wapeza wolakwa. Kukakhala pomwe kunali, wolakwa ali kutsogolo, ndipo umapitirira.

Tolegen anakhala pa mpando, poti makutu odalirika anali ake. Kuanysh anagwada kuseri kwa shelefu, akudandaula za mawondo.

Anasinthanitsa mawaya ochokera ku galamafoni.

“Ali kuti mkazi wako wachiwiri?”

“Kukabati.”

“Ndiye si singano. Tsopano tione chinyalala chako.”

Anasinthanitsa mawaya otuluka m'kabokosi. Tolegen anapeza kuti mumtima akupempha kuti kufookako kusamuke, ngakhale kuti ankakakonda kabokosiko. Sanadziwe chifukwa chake ankapempha choncho. Singano inatera. Dombra inalira.

“Kukabati.”

Kuanysh anatulutsa mutu. “Ukunena zoona? Ndiye kuti ndi ampulifaya yanga? Ayi, zimenezo ayi.”

Sinali ampulifaya yake. Ananyamula masipika, ya kuzenera kupita kukabati, ya kukabati kupita kuzenera, thukuta lili kamukamu. Woimba sanachoke kukabati. Kuanysh anati mwina ndi katani, anachotsa katani. Anati mwina ndi magalasi a kabati, anawaphimba ndi chofunda. Palibe chinasintha. Anali atasinthanitsa chilichonse m'chipindamo chomwe chili ndi mbali ziwiri.

Balzhan analowa ndi tiyi ndi mbale ya timandasi ta baursak, n'kuona nyumba yake yasanduka msika. Anaika thireyi pansi. Anaima kumbuyo kwa mpando wa mwamuna wake, n'kumvera pang'ono.

“Mukufunafuna chiyani? Si uyo ali pa kapeti, pomwe amaima masiku onse.”

Kuanysh anadzuka pang'onopang'ono, anakankha mnzake paphewa kuti asendere, anaika mutu wake pamene panali mutu wa Tolegen. Anamvera. Sananene nthabwala iliyonse.

Tolegen anaimirira. Anagwira mpando wake, womwe kwa zaka zonsezi sunayang'anepo kwina, anautembenuza kuti ufulatire masipika, n'kukhalanso pansi akuyang'ana khomo. Tsopano khutu lake la kumanja linali mbali ya zenera. Anatsinzina.

Woimba uja anali atawoloka chipinda chonse. Anali kuzenera.

Anakhala choncho mpaka nyimbo inatha, singano n'kumangozungulira kumapeto, tche, tche, tche.

“Unayamba liti kudziwa?” Tolegen anafunsa mkazi wake, osatsegula maso.

“Nthawi ya mavwende. Ndinkakuitanani ndili mbali iyi, osatembenuka. Simunaone kuti ndinasintha malo okhala patebulo?”

Anali asanaone.

Kuanysh anabweza masipika m'malo mwake. Potuluka anaima pa khonde n'kumugwira mkono.

“Tamvera, ngamila. Dokotala wa kuntchito anakusayinira chaka chino, eti? Wangotsala ndi zaka ziwiri kuti upume. Khutu lako limodzi likuposa awiri a aliyense pa siteshoni ija. Uziyenda mbali yoti sitima izikhala kumanja kwako, basi. Ine sindinamve kanthu. Balzhan sanamve kanthu.”

Lolemba Tolegen anachita zomwezo. Oyendera sitima amakhala awiri, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Anapempha mnzake kuti asinthane mbali, nayenso anavomera osafunsa. Inali sitima ya mafuta, mabogi makumi asanu ndi limodzi. Tolegen anayenda nawo onse. Gudumu lililonse linalira ngati belu. Anakweza dzanja, mbendera inaperekedwa, sitima inanyamuka kulowera kuchipululu.

Anaima n'kumaiyang'ana mpaka bogi lomaliza linasanduka kadontho. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anali ataonerera sitima zikupita, mtima uli m'malo. Lero sunali m'malo. Kunyumba anazindikira kuti khutu lafooka chifukwa ankadziwa pomwe woimba amaima, ndipo woimbayo anasuntha. Nanga kuno? Khutu la kumanja likadzayamba kutsatira linzake, adzamuuza ndani? Gudumu lomwe sunalimve bwino silisuntha kupita kukabati. Limangopita ndi sitima.

Anadikira sitima yachiwiri, anaiyendera, n'kuionereranso ikupita. Kenako analunjika ku ofesi ya kapitawo.

Kapitawoyo, Dauren, anali wa msinkhu wa mwana wake wamkazi. Ataona amene walowa anaimirira n'kupereka manja awiri. Tolegen anagoneka nyundo pa tebulo, pamwamba pa mapepala.

“Yathyoka, Tolegen-aga?”

“Nyundo ili bwino.”

“Nanga?”

Tolegen analoza khutu la kumanzere.

Dauren anaseka pang'ono, kuyesa ngati n'zocheza. “Inu? Aga, dokotala anakuyezani miyezi isanu yapitayi. Pepala lili m'kabati umu.”

“Dokotala ananong'oneza manambala ali kumbuyo kwanga. Khutu labwino linayankhira linzake.”

“Ndiye wakuuzani ndani?”

“Kabokosi kena kunyumba.”

Dauren anamuyang'ana nthawi yaitali. Anakhala pansi, anaimiriranso, anathira tiyi wochepa m'kambale monga amathirira mlendo wolemekezeka amene sukufuna kuti achoke msanga.

“Mukanakhala chete, palibe akanadziwa.”

“Ine ndikanadziwa.”

Anamutumiza ku chipatala cha mumzinda, komwe anamuveka zomvera m'makutu n'kumuuza zomwe mpando unamuuza kale, ndiponso kuti la kumanja nalo layamba, pang'ono. Anamusamutsira ku nyumba yosungira zida, komwe amapereka nyali ndi magolovesi kwa olowa ntchito. Nyundo inali ya kuntchito, koma mpini anasema yekha ndi mtengo wa mu mpanda wa bambo ake. Anaugulula n'kupita nawo kunyumba. Anzake sanamuseke. Mmodzi yekha anati tsopano zitsulo zipumako, zizitha kuganiza mwaufulu.

Kwa masabata atatu sanayatse kabokosi. Kansalu kopeta kanakhala pamwamba pake popanda wokachotsa.

Lachinayi lina ataweruka, anasamba m'manja, anachotsa kansaluko, anayatsa kabokosi, n'kukaika ketulo pamoto yekha. Madzi atawira anayatsa ampulifaya yaikulu, anaika chimbale chija. Mayiyo anayamba kuimba ali kukabati. Tolegen anatambasula dzanja n'kugwira batani lachitatu, lomwe sanalikhudze chichokereni m'sitima ya ku Shymkent. Linali lolimba. Linati khe pochoka pakati.

Analipotokola pang'onopang'ono kumanzere, ndipo woimbayo anayamba kuyenda. Anachoka pa kabati, anadutsa m'mphepete mwa kapeti, akuimbabe, osaphonya mpweya, ngati munthu amene waitanidwa ndi dzina. Atafika pakati penipeni, Tolegen anachotsa dzanja. Dombra inabwerera pamalo pake. Chala chinatsetsereka pa chingwe. Tsitsi la pamikono linamuimirira monga tsiku loyamba lija.

“Wabwerera?” anafunsa Balzhan ali pakhomo.

“Wabwerera.”

“Kwa ine tsopano waima pazenera.” Anamvera pang'ono. “Musiyeni. Azionako kunja, watopa ndi kapeti.”

Nyimbo itatha, Tolegen anavala magalasi n'kuwerama kuti aone pomwe batani laima. Linaloza pafupi ndi kamzere kozokotedwa ndi msomali kaja. Panatsala kampata kochepa, kosakwana m'lifupi mwa chikhadabo.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Mkulu uja sanali mbuli. Nayenso tsiku lina anasinthanitsa mawaya onse, mwina anatembenuzanso mpando, kenako anakhala pansi n'kumuyendetsa woimba wake mpaka pakati, n'kuzokota chizindikiro kuti ana akamapukuta fumbi asamusokonezere. Kamzereko kanakhala pamaso pa Tolegen zaka zisanu ndi ziwiri, kakudikira, iye akukaseka. Anatambasula zikhatho, ananong'ona pemphero lalifupi la akufa, n'kupukuta nkhope ndi manja awiri.

“Balzhan. Mawa ndi Lachisanu. Ukazinge mikate isanu ndi iwiri ija yokumbukira akufa.”

“Ya makolo tinakazinga sabata yatha. Iyi ndi ya ndani?”

“Ya mwini kabokosi.”

“Dzina lake ndani, kuti tilitchule?”

“Sindinafunse.”

Balzhan anapukuta manja pa epuloni, anayang'ana kabokosi kotuwa ndi chitsekerero chake cha mankhwala, n'kuyang'ananso mwamuna wake.

M'mawa mwake mafuta anatentha mu poto, fungo la mikate linadzaza nyumba n'kutulukira pa zenera lomwe Balzhan analitsegula dala kuti lipite kwa mwini wake. Kuanysh, yemwe mphuno yake sinaphonyepo Lachisanu, anafika mikate idakali yotentha. Anang'amba umodzi, anasuzumira batani lopendekeka lija, anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, n'kuikamo mkate.

Tolegen anatembenuza chimbale. Tsiku limenelo anamvera mbali zonse ziwiri.